Kachingwe Palibe pa Mndandanda

Chinamwali, Zomba
9 February 2016

Okondedwa azakhali a Eveline,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse ku Sakubva. Ndine Esnath, mwana wa malemu mlongo wanu Spencer Kachingwe. Ndikudzitchula chonchi chifukwa munandiona komaliza ndili ndi zaka zinayi, ndipo mwina m'maso mwanu ndikadali kamwana kamamina kaja. Panopa ndili ndi zaka 21, ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala. Kalatayi ndapatsira mayi Jesca, aja amabweretsa zitenje kumsika wa kwanuko, poti pafoni munandiuza kuti nkhani zikuluzikulu simuyankhulirapo.

Monga munamva, amayi tinawaika mu December. Kutatsala masiku atatu kuti atisiye anandipatsa chitini chakale cha mabisiketi. Mkati munali chithunzi chimodzi chokha: abambo ataima pafupi ndi helikopita, chisoti chili m'khwapa, kuseri kwake kuli nambala yolembedwa ndi bolopeni. Anati, "Ukamadzamanga chiliza changa, bambo akonso uwamangire. Agona zaka zonsezi ngati munthu wopanda mwana." Nditafunsa kuti agona kuti, anangotembenukira kukhoma.

Zomwe ndikudziwa n'zochepa. Ankayendetsa ndege za asilikali a ku Zimbabwe, anafera ku nkhondo ya ku Congo mu 1999, kenako amayi ananditenga n'kubwerera kwawo kuno. Mwezi wonse wathawu ndakhala ndikufufuza pa intaneti. Ndawerenga nyuzipepala zakale, ndaona mayina a oyendetsa ndege amene anafera kumeneko. Azakhali, Kachingwe palibe. Ndabwereza mpaka maso kuwawa, palibe.

Kuchimuna mwatsala ndinu nokha, ndiye ndifunse inu: manda a abambo ali kuti? Ndikufuna ndifikepo chilimwe chino, ndiikepo mwala wolembedwa dzina lawo. Sindikupempha china.

Ndine mwana wanu,
Esnath

Sakubva, Mutare
6 March 2016

Esnath mwana wanga,

Moni wako ndaulandira ndi manja awiri. Kuno tilipo, kungoti mvula yatikana chaka chino, chimanga changa cha m'mbali mwa njanji chapsa chisanamasule n'komwe. Mawondo nawo ndi omwe aja. Jesca wandionetsa nkhope yako pafoni yake, ndaseka mpaka kutsokomola. Mphumi imeneyo ndi ya bambo ako, palibe angakukane. Chinyanja changa usachiseke, ife tinabadwira m'mapulazi, chinasakanikirana ndi Chishona kalekale.

Za mayi ako ndinalira. Anali mkazi wodziwa kutseka pakamwa, ndipo pa chimenecho ndimamupatsa ulemu.

Bambo ako ndege ankayendetsadi, usakayike. Ndinamuona ndi maso angawa akudutsa pamwamba pa malata athu masiku omwe asilikali ankalondera njira ya ku Beira, zovala zanga zonse pa waya zinagwera pansi ndi mphepo yake, ndipo atabwera ku tchuthi ndinamuchapitsa. Anamwaliradi ku Congo, anaikidwa mwaulemu, manda ake amasesedwa. Pamenepo mtima wako ukhale pansi.

Za mwalazo, dikira kaye. Manga cha mayi ako. Ndipo zofufuzafufuza pa makina akozo usiye. Kuno nkhani za asilikali sitifunsa ngati tikufunsa njira ya kuchigayo. Usalembere munthu aliyense, chithunzicho usaonetse aliyense. Ndikupempha monga zakhali wako.

Tandiuza zina, kodi uli naye mnyamata? Kutchalitchi umapita? Ndakupatsira paketi ya tiyi wa kuno, uzimwa ukundikumbukira.

Ndine zakhali wako,
Eveline

Chinamwali, Zomba
2 April 2016

Azakhali,

Moni. Tiyi ndalandira, zikomo. Ndili bwino m'thupi, koma mumtima ayi, ndipo sindikubisirani.

Ndinakufunsani funso limodzi, mwandiyankha za mvula, za mawondo ndi za anyamata. Mwati manda amasesedwa. Amasesa ndani, poti inu mawondo amakukanikani ndipo amayi anali kuno?

Kalata yanu inafika mochedwa. Chithunzi chija ndinali nditachiika kale pa tsamba lina la pa intaneti pomwe amacheza anthu amene anagwirapo ntchito ya ndege za nkhondo kwanuko. Pasanathe masiku awiri bambo wina anayankha. Anati amawadziwa bwino, anauluka nawo ku Congo, anali munthu wodekha, wokonda kuimba nyimbo za tchalitchi akamakonzekera ulendo. Ndinalira pakauntala makasitomala akuona. Kenako anapitiriza kuti, "Koma dzina mwalakwitsa. Ameneyu ndi Nyashadzashe Sagonda, wa kupitirira Penhalonga."

Azakhali, Nyashadzashe Sagonda ndi ndani? Dzina limenelo pa mndandanda uja lilipo, ndalipeza. Chiyambireni chakudya sichikulowa. Ndikuganiza kuti abambo anali ndi banja lina, mkazi wa Chishona wa kutchalitchi ndi mapepala, ndipo amayi anga anangokhala wakuseri amene anapatsidwa dzina labodza. Ngati zili choncho, ine Kachingwe ameneyu ndinamutenga kuti? Ndipo inu, amene mumasilira mphumi yanga, ndinu ndani kwa ine?

Poti simukufuna kundiuza, ndafunsa eni ake. Pa 21 March ndinalembera ofesi ya asilikali ku Harare. Ndinatumiza chithunzi, nambala ija, ndi dzina la Spencer Kachingwe, kupempha kuti andiuze komwe anawaika. Ndinalembanso adiresi yanu, kuti ngati akufuna wachibale wapafupi akupezeni. Mukwiye ngati mukufuna. Ine ndinalonjeza munthu amene ali m'manda.

Esnath

Sakubva, Mutare
19 April 2016

Esnath,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa basi. Mwana iwe, wachita chiyani?

Wolakwa ndine, ndinakuyesa mwana. Khala pansi uwerenge, ndipo ukamaliza usathamangire pafoni.

Bambo ako analibe mkazi wina. Analibenso dzina lina lobadwa nalo koma Spencer Kachingwe, mfunda wake Mbewe. Ine ndi iye tinabadwira pa komboni ya pulazi ya nthochi ku Burma Valley. Agogo ako anabwera wapansi kuchokera ku Dedza. Ana a m'mapulazi a anthu ochokera ku Nyasalande sitinkalembedwa kuboma. Pepala lobadwira, lomwe kuno timangoti befi, tinalibe. Ankatitcha mabwidi, anthu opanda mudzi. Popanda befi sukanalemba mayeso a giredi seveni, ndipo sukulu yako inkathera pomwepo, n'kuyamba kunyamula mikoko ya nthochi. Yanga inathera pomwepo.

Spencer anali ndi mutu. Aphunzitsi anabwera okha kunyumba kudzanena kuti mwana uyu mukamusiya m'nthochi mwachimwa. Khomo loyandikana ndi lathu linali la a Sagonda, oyendetsa thirakitala, a mtundu wa Amanyika a konkuno. Mkazi wawo, amene pano timawatcha Mbuya Sagonda, anali ndi mwana wamwamuna wobadwa chaka chimodzi ndi Spencer. Anamulembetsa kuboma, koma anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka zinayi, ndipo imfa yake palibe anakainena. Tsiku lina m'mawa mayiyo analowa m'nyumba mwathu, anasolola pepala m'chifuwa, n'kuliika pamiyendo pa amayi. Anangoti, "Wanga sadzalemba mayeso. Alembe wanuyu."

Kuyambira tsiku limenelo kusukulu anali Nyashadzashe, kunyumba Spencer. Ndi dzina limenelo anakhoza, anatenga chitupa, analowa usilikali, anauluka. Mayi ako ankadziwa zonse. Anakwatirana pachikhalidwe chathu, ankhoswe anali amuna anga malemu, koma kuboma sanapite chifukwa ankaopa mafunso.

Atamwalira, bokosi linatsata mapepala. Linapita kumudzi kwa a Sagonda, kupitirira Penhalonga. Akuluakulu a kumeneko ankadziwa kuti kupulazi kunabadwa mwana, koma sanamuonepo ali wamng'ono, ndiye anamulira ngati wawo, n'kumutamanda ndi mutupo wawo, womwe ndi mfunda wa kuno. Ine ndi mayi ako tinapita ngati anansi a kupulazi. Tinatunga madzi, tinatsuka mbale. Ndinalira moyezera, kuti anthu asadabwe kuti mnansi akulira kuposa abale. Mayi ako anakubereka kumbuyo tsiku lonse osakutsitsa, kuopa kuti wina angakuone nkhope. Zimenezo zinamupweteka mpaka anachoka m'dziko muno.

Pamandapo pali mwala wolembedwa Nyashadzashe. Wandifunsa amene amasesa. Ndi Mbuya, zaka 84, amayenda ndi ndodo.

Tsopano taona zomwe wachita. Watumiza nkhope ya munthu mmodzi ndi mayina awiri kwa anthu amene ntchito yawo ndi kufunsa mafunso. Akafufuza apeza kuti gogo uja anapereka pepala la mwana wakufa, ndipo mlendo analowa nalo usilikali. Sindikudziwa kuti lamulo limati chiyani. Ndikungodziwa kuti galimoto iliyonse ikaima panja, ndimathamangira kukasuzumira pawindo. Chotsa chithunzi chija lero lomwe.

Zakhali wako weniweni,
Eveline

Chinamwali, Zomba
29 May 2016

Okondedwa azakhali anga,

Muli bwanji? Ndikufunsa ndi mantha, osati mwamwambo chabe. Kalata yanu ya pa 19 April yandipeza dzulo. Mayi Jesca anakhala milungu isanu osabwera, akuti msewu wodutsa ku Mozambique kukuomberedwa mfuti ndipo magalimoto akuyenda moperekezedwa, iwo anaopa. Masiku onsewo ine ndimati mwandinyanyala, ndipo ndimakunenani mumtima mawu omwe sindingalembe. Ndinakuimbirani kanayi, inu kumva mawu anga n'kudula. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake.

Ndikhululukireni. Ndinakufunsani kuti ndinu ndani kwa ine, pamene inu munatsuka mbale pamaliro a mlongo wanu. Ndawerenga malo amenewo katatu, ndipo kachitatu ndinalephera kumaliza.

Chithunzi ndachichotsa. Bambo anandiyankha uja ndamulembera kuti ndinasokoneza anthu. Koma kalata ya ku Harare sindingathe kuibweza. Ndinaganiza zolemba ina yonena kuti ndinalakwitsa, kenako ndinaopa kuti makalata awiri ndiye awadzutsa kwambiri. Ndiuzeni chochita. Kwabwera munthu? Mbuya akudziwa zomwe ndachita?

Pali china chomwe ndiyenera kuulula. Poona kuti simukuyankha, ndinauza wozokota miyala wa ku Ndirande kuti ayambe. Mwala wa abambo watha, uli pansi pa bedi langa, wolembedwa Spencer Kachingwe. Ndikudziwa kuti ino si nthawi yake. Koma azakhali, munthu anauluka zaka khumi ndi ziwiri, anafera ntchito, ndipo dziko lonse lapansi palibe pomwe dzina lake lalembedwa. Kodi zikadzazizira sitingakambirane ndi Mbuya kuti mwala wakalewo uchoke? M'mandamo mwagona Spencer, si wina ayi.

Ndiyankheni msanga, ngakhale mzere umodzi.

Mwana wanu,
Esnath

Sakubva, Mutare
24 June 2016

Mwana wanga Esnath,

Ndili moyo, Mbuya ali moyo. Ndayamba ndi zimenezo kuti upume.

Anabwera. Linali Lachiwiri cha m'ma teni, ndikusankha nyemba pakhonde. Anali awiri, mwamuna ndi mkazi, ovala zawamba, aulemu ndithu. Anatulutsa chithunzi chija n'kundifunsa ngati munthuyo ndikumudziwa. Ndinati, "Ndimamudziwa, ndi mwana wa anansi athu a kupulazi." Anafunsa kuti nanga Spencer Kachingwe ndi ndani. Ndinati, "Ndi mlongo wanga, anapita ku Joni kalekale, sitidziwa komwe anathera. Mwana wake ku Malawi anapeza chithunzi cha mnzake wa bambo ake m'katundu, ndiye wasokonezeka." Ndine mayi wa Mvano, Esnath. Ndinamukana mlongo wanga pakhonde langa, dzuwa likuswa mtengo, ndipo mawu sanandigwire pakhosi n'komwe. Chimenecho ndi chomwe chikundiopsa mpaka lero.

Anati ndiwaperekeze kwa mayi wake wa malemuyo. Njira yonse ya ku Penhalonga ndinkapemphera kuti tikapeze Mbuya atapita kuchipatala, chifukwa sindinawachenjeze, ndipo mutu wawo masiku ano umabwera n'kupita. Tinawapeza akuothera dzuwa. Anawapatsa chithunzi. Anachiyandikitsa kumaso nthawi yaitali, ine thukuta kamukamu. Mkazi uja anafunsa, "Mbuya, ameneyu ndi mwana wanu?" Iwo anati, "Mukundifunsa ine amene ndinamuyamwitsa? Mwabwera kudzandibwezera kapena kudzandifunsa?" Alendowo anayang'anana, anapepesa, anapempha kuona manda. Mwamuna uja anaima njo patsogolo pa mwala n'kupereka sawasha. Anandisiya komweko, ndinagona masiku awiri.

Ndinawauza Mbuya zonse, za mayi ako, za lonjezo lako, za mwala uli pansi pa bedi. Ndinati ndimve akutukwana. Sanatukwane. Anandiuza chinthu chomwe ine sindinkachiganiza.

Nyashadzashe wawo weniweni anaikidwa kumanda a komboni ku Burma Valley, pansi pa mtengo wa muwanga, popanda mwala, poti anali mwana. Pulazi ija itagawidwa mu 2001 tonse tinabalalika. Patapita zaka zitatu Mbuya anabwererako kuti akazule udzu. Anapeza mtengo unadulidwa, malo onse ndi munda wa chimanga, mwini wake watsopano sankadziwa n'komwe kuti panali manda. Anayendayenda m'mizere mpaka madzulo osapeza pomwe pali mwana wawo. Anati, "Eveline, ndikamasesa apa ndimasesera awiri. Mmodzi thupi lake lili pansi, winayo dzina lake lili pamwamba. Kuwerenga sindidziwa, koma zilembo zake ndimazidziwa ndi chala."

Kenako anati, "Koma mwanayo akunena zoona. Manda ndi a amene wagonamo. Muuze abwere ndi mwala wake, wangawu tiugoneka kuseri kwa khola. Ndikafa ine, za mafunso a anthu a m'mudzi muno mudzaona nokha."

Ndiye chilolezo chomwe umafuna wapatsidwa. Ine sindikuuza chochita. Ndakulamula kamodzi, taona komwe zinatifikitsa.

Zakhali wako,
Eveline

Chinamwali, Zomba
11 July 2016

Azakhali anga okondedwa,

Ndathokoza Mulungu kuti muli bwino nonse awiri. Kuno kukuzizira, chiliza cha amayi tamanga Loweruka lapitali, zinayenda bwino.

Yankho la ku Harare lafika. Ndi mizere itatu. Akuti m'mabuku mwawo simunakhalepo woyendetsa ndege dzina lake Spencer Kachingwe, ndipo akundifunira mafuno abwino pa kufufuza kwanga. Ndinayembekezera kuti ndipsa mtima. M'malo mwake ndinapuma ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni, kenako ndinachita manyazi kuti ndikusangalala ndi pepala lonena kuti abambo anga kunalibe.

Mwala uja ndautulutsa pansi pa bedi kangapo. Ndi wokongola, azakhali, wakuda, zilembo zoyera. Ndimaufuna pamanda paja, sindinama. Koma ndikaganiza za gogo wa ndodo akugoneka dzina la mwana wake kuseri kwa khola, chifukwa choti tsiku lina anachitira chifundo mwana wa mnansi, ndimaubwezera pansi pa bedi pomwepo. Sindingathe. Mwala wa Mbuya usachoke.

Pempho langa ndi ili, mukawafunse mwaulemu. Amayi sanadandaule za dzina. Anadandaula kuti abambo agona ngati munthu wopanda mwana. Kwathu kuno munthu akabereka sitimuitananso ndi dzina lake, ndipo ndamva kuti kwa Amanyika n'chimodzimodzi. Ngati pansi pa dzina la Nyashadzashe patsala malo, alembepo mawu awiri okha, m'chiyankhulo chilichonse chomwe Mbuya angafune: Bambo a Esnath. Limenelo si lobwereka. Ndi lawolawo, ndinawapatsa ndine.

Ndikudziwa kuti anthu a m'mudzimo adzafunsa kuti Esnath ndi ndani. Pamenepo sindikudziwa kuti tidzati chiyani, ndipo n'zomwe zikundidetsa nkhawa. Mbuya akakana, ndimva.

Mwana wanu,
Esnath

Sakubva, Mutare
2 August 2016

Esnath,

Moni mwana wa mlongo wanga. Ndabwerako dzulo, mawondo atupa ngati maungu, koma ndilembe Jesca asananyamuke.

Mbuya avomera. Sanadikire n'komwe kuti ndimalize. Koma mudzi si pulazi, mwala wa pamanda sukhudzidwa abale asanakhale pansi. Anaitana azilamu awo ndi ana awo, n'kuwauza kuti Nyashadzashe anasiya mwana wamkazi kwa mkazi wa ku Malawi, ndipo iwo anabisa chifukwa malowolo sanaperekedwe. Anthu anawakalipira gogo uja pamaso panga kuti anataya magazi a banja zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Iwo anangowerama n'kulandira. Wozokota abwera pa 20 mwezi uno, adzalemba m'Chishona, Baba vaEsnath. Malo alipo, ndayeza ndi dzanja langa.

Koma ayika lamulo. Akuti dzina la mwana silingalembedwe mwanayo asanagwade pamanda pamaso pa abale. Akukudikira. Asankha kale mbuzi, azakhali ako atsopano atatu akukangana kuti ugona kwa ndani. Ndi anthu abwino, Esnath, ndipo akukonda ndi mtima wonse. Chimenecho chidzakupweteka kuposa mmene ukuganizira.

Ndiye mvetsa bwino. Ukatsika basi ufikire kwa ine, ndikuphunzitse kuomba m'manja kwa akazi a kuno. Tikakafika kumudziko, ine ndine mnansi wa kupulazi amene ndakuthandiza kupeza njira. Usanditchule azakhali, ngakhale pang'onopang'ono, ngakhale tili awiri kuchitsime. Pasipoti yako ikhale m'chikwama changa. Akakufunsa za Kachingwe, ndi dzina la kwa amayi ako. Akakufunsa mutupo, uyankhe kuti Shumba, ndiye kuti mkango, ndipo uyankhe msanga ngati unabadwa nawo. Pamanda adzakuuza kuti uitane bambo ako mokweza, uwauze kuti wabwera. Udzaitana Nyashadzashe. Linalo udzanena ndi milomo yotseka, iye adzamva.

Ndinkafuna bodza limeneli lithere pa ine, ndipite nalo kumanda. Lero ndikukupatsira ndi manja anga, mwana wa zaka 21. Ndi masiku atatu okha, udzatha. Ubwere ndi nsalu yofunda, kumapiri kuja kumazizira m'mawa.

Ndine zakhali wako, mpaka pa siteji ya Penhalonga,
Eveline